Maso a Ezron ndi Injini ya Landirova

Ku Mwase Lundazi galimoto ikafa, anthu sankafunsana kopita nayo. Ankangoti, "Kwa a Ezron." Zaka makumi anayi bambowa anakhala pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba yawo, manja ali bii ndi oyilo, ndipo ankadzitama kuti matenda a injini amawamva galimoto isanafike pabwalo. Tisawanamizire, kudzitamako kunali ndi umboni. Koma chaka chimenecho anali ndi chinsinsi chimene sanauze ngakhale akazi awo, a Justina: maso awo anali atachita nkhungu. Waya wofiira ndi wakuda anali atasanduka amodzimodzi.

Ankaopa kwambiri. Makanika wosaona, ndani angamubweretsere galimoto? Ndipo Ezron wopanda sipanala m'manja, iwo eni ake sankamudziwa kuti ndi ndani.

Tsiku lina kunabwera a Amock, mlimi wa fodya wa ku Kapichila, atanyamula injini pa ngolo. Inali ya Landirova yakalekale ya malemu bambo awo, imene inagona m'chigafa zaka zosawerengeka.

"Anyamata a ku boma aikana, akuti mawaya ake samveka," anatero a Amock. "Mukaiutsa imwe, nizabweletsa na bodi yomwe kuti tikonze galimoto yonse. Nizabwela pa Chisanu."

A Ezron anaimanga ndi mabawuti pa chimango cha zitsulo chokhomera pa zipika ziwiri, kuti iyambe yalira payokha isanalowe m'galimoto. Kutsuka ndi kusintha mapulagi sikunavute, zala zinkadziwa njira. Mawaya ndiwo anawaumitsa pakamwa. Magalimoto akalewo ali ndi khalidwe lawolawo: mbali ya pulasi ya batire ndiyo imalumikizidwa ku chitsulo cha injini, mosiyana ndi a masiku ano. Ukasokoneza, watentha zinthu zimene ngakhale ku Chipata sungazipeze.

Nzeru anaipeza. Mutu wa pulasi pa batire ndi wonenepa, chala chimakuuza. Waya aliyense ankamulondola ndi zala mpaka kumene wachokera, nkumumangirira kachingwe: wa ku koyilo mfundo imodzi, wa ku swichi ziwiri, wa ku dayinamo zitatu. A Justina akamadutsa ndi lichero la mtedza, iwo ankayamba kuimba mluzu kuti aoneke ngati zonse zili bwino.

Lachinayi masana anapachika kachigubu ka petulo pa chimango, nkuwerenga mfundo zonse katatu. Thukuta linali kamukamu. Atagunditsa waya wa sitata, injini inatsokomola nkukhala chete. Kachiwiri chimodzimodzi. Kachitatu inalira, nkhuku zonse balala. A Ezron anaima chilili akumvetsera, ndipo kwa nthawi yoyamba m'miyezi yambiri mtima unakhala pansi.

"Awiske Brenda, zimyani." Anali a Justina, akuwaitana ndi dzina la mwana wawo woyamba, koma phokoso linameza mawuwo. Anathamanga nkuwagwedeza phewa. "Zimyani, waya akupsa."

A Ezron anafufuza waya wa mfundo imodzi nkumuzula. Injini itazima, m'pamene fungo la pulasitiki wopsa linawafika m'mphuno. Waya mmodzi anali atagona pa paipi ya utsi, ndipo kamoto kanali katayandikira kapaipi ka petulo. A Justina anakathira mchenga.

"Munali kuyang'ana pamenepo," anatero mayiwo motsitsa mawu. "Simunaone?"

A Ezron anafuna kunamizira dzuwa, koma anachita manyazi. "Sininaone, anyina Brenda. Maso yanga yakutha."

"Nidziwa. Mwezi watha munauza thumba la chimanga kuti monile. Ninangokhala chete."

Anaseka pang'ono onse awiri, kuseka kopweteka. Kenako a Justina anakhala pa chipika nkuyamba kuwauza kumene waya aliyense wadutsa, a Ezron akumanga.

Lachisanu injini inalira kamodzi n'kamodzi. A Amock anavula chipewa, nkunena kuti akumva ngati bambo awo akufika pakhomo. "Nizauza Kapichila yonse. Maso yanu yakali yakuthwa, adada."

Apa a Ezron akanatha kungomwetulira, nkhani nkutha. Anakumbukira kamoto kaja, nkuganiza za galimoto yodzaza ana a eni ake ikutsika mtunda pa mabuleki amene iwo awamanga mongopapasa.

"Mukawauze zoona," anatero. "Manja ni yanga, koma maso ni ya amai aba. Yanga yanatha."

A Amock anayang'ana a Justina, kenako anayang'ana pansi. Anathokoza mwaulemu wonse, nkukweza injini yawo pa ngolo. Za bodi sanatchulenso.