Pensulo ya Bambo Zulu

Kunyumba yosungira zikalata zakale ku Greenwich, komwe ndimanyamula mabokosi, kuli kamasewera. Anthu akakumana pakati pa mashelefu amasolola mapensulo ngati makauboyi a m'mafilimu, ndipo wochedwa amadzigwetsa ngati wawomberedwa.

Ine sindinkadziwa. Nditangoyamba ntchito, Bambo Zulu a ku Chipata anandiloza ndi yawo. "Phuu! Wafa mphwanga, igwa!"

Sukulu ndinalekezera Fomu 2, ndiye ndinayesa akundinyoza ndi pensuloyo. Mtima unandipsa, ndinaitsomphola n'kuithyola anthu onse akuona.

"Pepani, bambo," anatero Bambo Zulu kwa ine akutola zidutswazo.

Kupepesa kunandikanika mpaka lero. Anzanga amawomberana n'kumafa ndi phwete, koma akaona ine amangopatuka mwaulemu. Ndimachita kuzengereza dala m'mashelefumo, koma palibe wofuna kundipha.