Mpando Wamateyala

Mu ofesi yathu ya boma, udindo wa munthu umaoneka ndi pomwe wakhala. Mesenjala amakhala pa benchi, ife makalaliki pa mipando yathabwa youmitsa msana, ndipo mkulu wa chigawo yekha ndiye amakhala pa mpando wamateyala, uja wozungulira.

Mayi amene timawatcha a Mafayilo akhala pa thabwa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Ndi aafupi, oseka mpaka misozi, ndipo fayilo imene yasowa chaka chathunthu amaipeza tiyi wawo asanazizire. Mkulu wa chigawo atapuma pa ntchito, bwana wamkulu anawauza pamaso pa tonse kuti, "Mayi, mpando uwu ndi wanu. Kalata ikubwera, yambani kuuzolowera."

Anauzoloweradi. Tsiku loyamba anazungulira mpaka chizungulire chinawagwetsera mu dengu la zinyalala, akuseka chikhakhali. Ku kabati sankapitanso wapansi, ankangodzikankha ndi phazi, mafayilo ali pamiyendo. Nthawi ya nkhomaliro tinkalimbirana kuwakankha mukhonde. Anasoketsa suti, n'kugula magalasi ngakhale maso awo alibe vuto lililonse. Tonse tinapenga nawo limodzi, chifukwa aka kanali koyamba kuona munthu akukwezedwa chifukwa cha ntchito yake.

Kalata inafika patatha miyezi itatu, Lolemba m'mawa, ili m'manja mwa mwini wake: bambo wina wa tayi yofiira, mlamu wa bwana wamkulu. Bwanayo sanatuluke n'komwe m'chipinda mwake. Anangotuma mesenjala kuti a Mafayilo amuphunzitse ntchito mlendoyo. Ine mtima unandiwawa, ndipo mpaka lero moni wanga kwa bwana uja ndi wapakamwa chabe.

A Mafayilo anatenga kapu yawo n'kubwerera pa thabwa. Asanakhazikike anasuzumira pa zenera, n'kuona bambo awo akutsika minibasi, ndodo m'manja, atavala jekete yomwe amasungira maukwati. Anachokera kutali kudzaona mwana wawo ali pa mpando.

"Achimwene," anatero a Mafayilo kwa watayi uja, "tandibwerekani mpandowo mphindi khumi zokha. Bambo anga ali pa masitepe."

Munthuyo anatiyang'ana, ifenso tinamuyang'ana. Anadzuka, ananyamula mulu wa mafayilo, n'kuima pambali ngati kalaliki.

Bambo a Mafayilo analowa ali wefuwefu, navula chipewa.

"Ndi umenewu? Tazungulira mwana wanga, ndione."

A Mafayilo anazungulira katatu, ofesi yonse tikuwomba m'manja. Bambo awo anaseka mpaka kutsokomola, n'kupukuta maso ndi chipewa. Kenako anatembenukira kwa watayi uja, namugwira paphewa mwachifundo.

"Inu bambo, muzilimbikira ntchito ngati abwana anuwa. Boma limaona. Tsiku lina nanunso lidzakupatsani wanu."