Tsiku limene pulogalamu yanga inaimitsa malole

Inu owerenga, ine ndinachotsedwa ntchito chifukwa cha nambala imene ndinaikhulupirira msanga, ndipo ndikakumbukira mtima umandiwira mpaka lero.

Ndimakhala ku Lilanda. Ndinkalemba mapulogalamu a kompyuta pa kampani ina yaing'ono, ndipo kasitomala wathu wamkulu anali depoti ya shuga ndi mafuta ophikira ku Heavy Industrial Area. Pulogalamu yawo inkagawa katundu m'malole: iyi ipite ku Kanyama, iyo ku Chawama, itenge zakutizakuti. Inkachedwa kwambiri, choncho bwana wanga, ba Tembo, anandiuza kuti ndiilembenso mu Haskell, chilankhulo china cholembera mapulogalamu.

Chilankhulo chimenechi chili ndi ulesi wake. Sichiwerengetsa kanthu mpaka yankho litafunidwa. Ukachituma ntchito, chimangosunga lonjezo n'kudikira. Zimenezi ndinkazidziwa bwino, koma poyeza liwiro zinandichoka m'mutu. Ndinayambitsa wotchi, kuitana gawo logawa katundu, n'kuimitsa wotchi, yankho osalipempha. Nthawi imene inatuluka inali yosakwana kuphethira. Ndinasangalala, osadziwa kuti pulogalamuyo inali isanagwire kalikonse.

Nditawaonetsa ba Tembo nambalayo, ndinapempha masiku oti ndiiyese ndi maoda enieni. Anandidula mawu.

"Chintu chithamanga, ufuna chani futi? Ukonda kuchedwesa vintu iwe."

Ndinangovomera, ndipo apa ndi pamene ndinalakwitsa kachiwiri. Tsiku lomwelo anakauza eni depoti kuti iwowo ndiwo atulukira njira yatsopano. Dzina langa sanalitchule n'komwe.

Lolemba m'mawa tinaiyatsa pulogalamuyo kudepoti. Itafika posindikiza mapepala a madalaivala, malonjezo onse aja anafunidwa nthawi imodzi. Memori ya kompyuta inadzaza, makina n'kungouma. Malole anaima pamzere mpaka masana. Onyamula katundu, amene amalipidwa pokhapokha akakweza, anakhala pansi padzuwa. Pakati pawo panali amalume anga, amene m'mawawo anali atadzitama kwa anzawo kuti mwana wa mlongo wawo ndiye wakonza makinawo. Anangondiyang'ana, kenako n'kuwerama.

Mwini depoti atayamba kukalipa, ba Tembo anandiloza pamaso pa anthu onse.

"Ni uyu mukazi ananinama."

Tangoganizani! Munthu amene analanda ulemu zinthu zikuoneka bwino, amene anakana kuti tiyese, ndiye anayamba kundiponyera mlandu. Pofika madzulo ntchito yanga inali itatha. Ba Tembo adakali pampando wawo.

Kunyumba ndinayezanso, ulendo uno ndikukakamiza kuti yankho lonse lituluke wotchi isanaime. Pulogalamu yanga inkachedwa kuposa yakale ija. Chimenechi chinandipweteka koposa, chifukwa pamenepa panalibe wina womuloza chala. Amalume sanandikalipire, koma nkhani ya makompyuta sanaiyambenso ndi ine.

Anzanga olemba mapulogalamu, makamaka inu amene mwangoyamba, nambala ikakoma mopitirira muyeso ikayikireni. Musaimitse wotchi musanaone yankho lonse ndi maso anu. Yesani ndi katundu wochuluka ngati wa tsiku lenileni, ndipo muziyang'ananso memori. Bwana akakukanizani kuyesa, musaope nkhope yake ngati mmene ndinaopera ine. Kanani mokweza, anzanu akumva, chifukwa zinthu zikadzavuta adzakhala woyamba kunena kuti sankadziwa kanthu.