A Malata ndi Phiko la Nkhunda

A Malata anakhoma madenga moyo wawo wonse, ndipo dzinali linachokera komweko. Anakwera pamasukulu, pa nyumba zosungiramo katundu, ngakhale patchalitchi china chachitali chimene anzawo ankachikana kukakhala mphepo. Konseko sanagwe. Anadzagwera pa kakhitchini ka mayi wina wamasiye, kadenga koti munthu wamtali akhoza kukagwira ali chiimire pansi. Thabwa linali lofumbwa m'kati. Fupa la m'chiuno linathyoka, ndipo kuchipatala analilumikiza ndi chitsulo.

Akazi awo anali atamwalira kale, choncho anatengedwa ndi mwana wawo wamkazi, amene amakhala ndi mwamuna wake m'nyumba zosanjikizana, pamwamba penipeni. Tsiku lofika, mkamwini ndi mnzake anawanyamula pampando ngati kabati, akupuma pakona iliyonse ya masitepe. Chikwerereni tsiku limenelo, a Malata sanatsikenso.

Kuchipatala anawauza kuti aziyenda, mwendowo uzipindidwa tsiku ndi tsiku ngakhale uwawe. Iwo anamva koma sanavomereze. Pantchito yawo, chinthu chimene walumikiza suchigwedeza mpaka chitagwira. Ndodo zoyendera ankazigwiritsa ntchito popita kuchimbudzi ndi pobwerako, basi.

Anawapatsa kachipinda kamene kale kanali kosungiramo katundu. Munali bedi, masutikesi, tebulo lositira, ndi bokosi lawo la zipangizo kunsi kwa bedi. Zenera linali limodzi, la zitsulo, loyang'ana kuseri. Mwana wawo ankalawirira kosoka mayunifolomu, mkamwini ankayendetsa galimoto ya buledi, ndipo onse ankachoka kusanache bwino. A Malata ankatsala ndi zeneralo. Pansi pake panali denga la galaja ina, ndipo tsiku lonse ankangoliyang'ana n'kumalitukwana. Amene analikhoma anaika misomali m'zigwa za malata m'malo moika pamsana, ndiye msomali uliwonse unali ndi mzere wake wa dzimbiri.

Nkhunda inabwera m'mawa wina kukuomba mphepo. Anamva phu pagalasi, kenako kukwalakwata. Inali itapanikizika pakati pa galasi ndi zitsulo, phiko lamanzere likulendewera ngati lata lozuka. Mwina inagunda waya wa magetsi. Inali nkhunda wamba ya mumsewu, yotuwa, yoduka chala chimodzi.

A Malata sankakonda nkhunda. Zitosi zake zimadya malata, zisa zake zimatseka njira za madzi a mvula, ndipo zisa zimene iwo anagwetsa ndi chitsulo n'zosawerengeka. Koma atayipapasa ndi zala anamva pamene fupa linasiyana, ndipo manja awo anayamba okha kuganiza. Anakoka bokosi la zipangizo ndi ndodo. Anasema kathabwa kopyapyala ka bokosi la zipatso, n'kukasalaza mpaka kanaterera. Anagoneka nkhundayo patebulo lositira, anatambasula phiko lonse mpaka kunsonga, anatsinzina diso limodzi monga ankachitira powongola phaso, n'kuika kathabwako kuyambira paphewa mpaka kunthenga zomaliza. Anakulunga ndi tepi yakuda ya magetsi, mizere yofanana bwino. Inali ntchito yaukhondo. Katoni yoigonekamo anachita kuidula mbali imodzi kuti phikolo likwane.

Madzulo mwana wawo anaima pakhomo, dzanja lili m'chiuno. Anali woyembekezera, ndipo fungo lililonse linkamuvuta.

"Bambo, ichi n'chiyaninso?"

"Wodwala."

"Odwala sakukwana m'nyumba muno?"

Mkamwini anasuzumira pamwamba pa phewa la mkazi wake, nsapato imodzi ili m'manja. "Apongozi, mwapanga ndege? Yangotsala injinitu."

"Ikachira ipita."

"Ikakanika mundiuze. Anyezi alipo."

Nkhundayo sanaipatse dzina. Ankaipatsa mpunga wosaphika ndi madzi m'chivindikiro cha botolo, n'kumasintha nyuzipepala ya m'katoni m'mawa uliwonse. Itapeza mphamvu inayamba kuyendayenda m'chipindamo, phiko lili chitambasukire kumbali. Pakati pa mwendo wa bedi ndi khoma sinkakwana, ndiye inaphunzira kudutsa cham'mbali. Nthawi zina ankakumana pakhomo, iwo ndi ndodo zawo, iyo ndi kathabwa kake, ndipo mmodzi ankayenera kudikira mnzake.

"Bambo, tepiyo simuchotsa?" mwana wawo ankafunsa.

"Sichinagwire."

Mwezi unatha. Wina unalowa n'kufika pakati. Yankho linali lomwelo.

Tsiku lina gasi anatha, ndipo kunabwera wagasi, bambo wamfupi wa khosi lalikulu, thumba lopinda lili paphewa pomwe amasenzera silinda. Atamanga silinda yatsopano kukhitchini anamva kulira kwa nkhunda, n'kutsata mpaka kuchipinda. Iyeyo amaweta nkhunda kuseri kwa nyumba yake. Anagwada, anayang'ana, kenako anavula chipewa n'kukanda m'mutu.

"Wachita izi ndani?"

"Ine."

"Madala, mwaikhomera pamtanda?"

"Linathyoka. Ndaliwongola."

"Phiko likathyoka timalipinda mmene limakhalira ikagona, n'kulimangira kuthupi. Pakapita timasabata timamasula, iziphupha yokha. Nanga inu mwayala ngati mukufolera nyumba."

"Fupa ndi thabwa n'chimodzimodzi. Chothyoka chimawongoledwa."

"Thabwa lili ndi chigongono?"

A Malata anatenga mpeni n'kudula tepi ija okha. Nthenga zina zinatsalira kutepi komweko. Kathabwa kanagwa pansi, koma phiko silinasunthe. Linangokhala chitambasukire ngati kathabwako kadakalipo. Anapapasa pamene panathyoka paja, ndipo panali posalala, polimba.

"Mwaona? Lagwira."

"Lagwiradi," anatero wagasi. "Vuto lake ndi limenelo."

Wagasiyo anatenga nkhunda m'manja awiri n'kuiponya pang'ono cha kubedi. Phiko lamanja linakupiza, lamanzere linangokhala. Nkhunda inazungulira m'malere n'kugwa chagada pansi, miyendo ikupalasa.

"Iyi siidzaulukanso. Ndipatseni. Ndili ndi khola lapansi la zokalamba, izikadya ndi zinzake."

"Munabwerera gasi inu. Gasi mwamanga. Tulukani."

Wagasi anavala chipewa chake pang'onopang'ono. "Chabwino, madala. Ndimadutsa pansipo Lachisanu lililonse m'mawa. Mukaiganizira mudzandipeze pansi. Masitepe awa ndimakwerera gasi, osati nkhunda, osatinso mwano."

Masiku otsatira a Malata anayesa kulipinda phikolo. Analidzoza mafuta ophikira pachigongono, n'kumalikankha pang'onopang'ono ndi chala chachikulu. Nkhunda inkawajompha mpaka kutuluka magazi. Phiko silinamve. Tsiku lina atatopa nalo anakhala pabedi, anagwira bondo lawo ndi manja awiri n'kuyesa kulikokera kuchifuwa. Linakwera pang'ono n'kuima. Sanauze munthu.

Mimba ya mwana wawo inali itatsika, ndipo kusikelo anamuuza kuti khanda ndi zitosi za mbalame siziyenderana. Mkamwini analowa m'chipindamo madzulo ena, ndipo nthawi ino sankaseka.

"Apongozi, Loweruka ndikutsuka chipinda chino ndi mankhwala. Mlendo wanuyu ndimuika panja pazenera. Zouluka azikaonera yekha."

"Siuluka. Igwa."

"Nanga ndinaimanga ndine?"

A Malata anayang'ana pazenera. Kuchokera pazenera limenelo kukafika padenga la galaja, ngakhale hamala imafika itasintha maonekedwe.

"Muimbireni wagasi."

Mkamwini anaimba pomwepo, iwo akumva. Anamvetsera pang'ono n'kudula. "Akuti mawu ake ndi omwe aja."

Mwana wawo sakanaigwira ngakhale ndi ndodo, ndipo onse awiri amachoka wagasi asanadutse. Panalibe wina woti n'kumutuma.

Lachisanu, chitseko chitangotsekedwa, a Malata anavala nsapato zawo zantchito. Ya kumwendo wodwala anachita kuikokera ndi waya. Anayesa kuika nkhunda m'malaya, phiko linakana. Anayesa katoni, koma katoni imafuna manja. Potsiriza anatulutsa chikwama chawo cha misomali, anakhutula misomali pabedi, anaikamo nkhunda n'kuchikoleka kumsana, phiko lili panja pamwamba pa phewa.

Pamutu pa masitepe anaika ndodo pansi n'kuyesa kuponda. Ndodo inaterereka, ndipo akanapanda kugwira chitsulo cha m'mbali akanafika pansi msanga. Anaima mpaka mtima utakhala pansi. Kenako anatsamiritsa ndodo zonse kukhoma, anatembenuka n'kufulatira kotsikira, anagwada ndi bondo labwino, manja onse pasitepe. Padenga munthu satsika akuyang'ana kumene akupita. Amayang'ana chimene wagwira, phazi n'kumafufuza lokha.

Phazi labwino linkapeza sitepe, manja n'kutsatira, mwendo wina uja n'kumabwera pambuyo ngati katundu wa eni. Sitepe iliyonse inkawabaya m'chiuno. Masitepewo ankanunkha sopo ndi mikodzo ya amphaka. Nkhunda inkawapalasa kumsana.

Pansanjika yotsatira chitseko chinatseguka, ndipo mayi wina anatuluka ndi ndowa ya zovala.

"Mayo ine! Agogo, mwagwa?"

"Ndikutsika."

"Chotere?"

"Inu padenga mumatsika bwanji?"

"Ine padenga ndikatani? Dikirani ndiitane anthu."

"Sunthani ndowayo basi."

Mayiyo anasuntha ndowa, n'kutsala akuyang'ana phiko lija likutsika pang'onopang'ono mpaka linabisika pakona.

Asanafike pansi anamva ngwe, ngwe, ngwe. Anali wagasi akumenya silinda ndi sipanala pa njinga yake ya matayala atatu. Phokosolo linayandikira, linafika pakhomo, n'kuyamba kupitirira. A Malata anatsegula kukamwa n'kutulutsa mawu amene ankaitanira malata ali pamwamba pa tchalitchi.

"Wagasiii!"

Ngwe ija inaleka. Pamene wagasi ankasuzumira pakhomo lalikulu, iwo anali akumaliza masitepe otsiriza, malaya atanyowa, zikhato zitasupuka. Wagasi sanawathandize. Anadikira mpaka atakhala pasitepe yapansi.

"Mwabweradi, madala."

"Tengani."

Wagasi anaitulutsa m'chikwama, anaiyang'ana m'maso ndi kukamwa, n'kuipima m'dzanja. "Kudyetsa kokha ndiye mumatha." Anaiika m'kireti pakati pa masilinda, phiko likutulukira pampata. Kenako anayang'ana masitepe, n'kuyang'ana mwendo wawo.

"Nanga kukwera?"

A Malata anatembenuka, anagwira sitepe, n'kuyesa kukweza mwendo. Potsika mwendowo unkangotsatira. Pokwera unkafunika kupindika. Anayesa kawiri.

"Ndikusenzeni? Mukuoneka ngati silinda yopanda gasi, sindingamve n'komwe."

"Pitani. Anthu akudikira kuphika."

Wagasi anapita. A Malata anakhala pasitepe yapansi ija, chikwama chopanda kanthu chili pamiyendo. Ndodo zinali kumwamba, chitseko cha nyumba anachisiya chosakhoma. Anthu ankalowa ndi kutuluka akuwalambalala, ena akupereka moni, wina anafuna kuwaponyera ndalama. Dzuwa linalowa pakhomo, linawaotcha m'miyendo, n'kuchokanso. Anayesanso kukwera pamene panalibe munthu. Anakwera sitepe imodzi n'kubwerera.

Mkamwini anafika chakumadzulo, buledi ali m'khwapa. Anaima, anawayang'ana, anayang'ana chikwama. Anawapatsa buledi kuti agwire, n'kunjuta patsogolo pawo.

"Kwerani, apongozi."

Anawabereka mpaka pamwamba, akupumira m'mwamba, buledi akuphwanyikira pakati pa msana ndi chifuwa. Anawakhazika pabedi, anasesa misomali ija n'kuibwezera m'bokosi, kenako anatenga katoni kukaitaya. Loweruka anatsuka chipinda monga ananenera.

A Malata ali komweko mpaka lero. Mdzukulu anabadwa, ndipo masana amamugoneka pabedi pawo. Mwendo amaupinda m'mawa uliwonse tsopano, atagwira zitsulo za pazenera, akutukwana chapansipansi kuti khanda lisamve. Anayamba mochedwa, ndiye umangopindika pang'ono. Za nkhunda safunsa. Wagasi ndiye amanena yekha akabwera kudzamanga silinda: ikudya, yanenepa, imagona pansi pakona pamene phiko likukwana.