Lumo Ameta Ali ndi Mwana Kumsana

Mukandifunsa mwamuna amene ndingamuvulire chipewa mumsewu wathu uno, sindimeza n'komwe malovu: ndi Lumo, wometa uja wa pafupi ndi siteji ya mabasi. Wofuna kutsutsa abwere, andipeza pa tebulo langa la machaja a foni, pakhomo penipeni pa shopu yakeyo. Pakamwa ndili napo, nthawi ndili nayo.

Lumo sanabadwe ndi mashini m'manja. Anayamba ndi sizasi yobwereka ndi kagalasi kosweka, pakhonde la golosale, kumeta ana asukulu amene makolo awo analibe nazo ntchito kuti mutu utuluka bwanji. Ena ankachoka pamenepo ngati mbuzi yawadya tsitsi. Koma munthuyu ndi wofatsa, woti ukamuponda phazi amapepesa ndi iyeyo, ndipo dzanja lake linakhwima pang'onopang'ono. Lero ali ndi kachipinda kakekake: mipando iwiri, benchi la odikira, galasi lalikulu, botolo la sipiriti, ndi TV yapakona imene imafuna kaye kumenyedwa khofi kuti iyake.

Nthenda yake ndi imodzi basi: woyimba uja timamutcha Wamzere, chifukwa cha kamzere kokhota ngati mphezi kamene amameta m'mbali mwa mutu. Khoma lonse la shopu ndi zithunzi zake. Wamzere akavala nsapato zoyera, mawa lake Lumo wavala zoyera. Akasunga ndevu, Lumo wasunga, ngakhale zake zimamera ngati udzu wa pamwala. Kamzere kajanso anakaphunzira mpaka kumuposa mwini wake, moti anyamata ankadumpha ometa ena onse kudzakhala pa benchi lake.

Tsiku lina masana, shopu itadzaza, TV inaonetsa Wamzere. Osati ali ndi gitala ayi. Anali kukhitchini kwake, mwana ali kumsana, manja ali m'thovu la sopo.

"Mkazi wanga ali kuntchito," anatero Wamzere. "Anthu amati ndikumuthandiza. Ndikumuthandiza chiyani? Mwanayu ndi wanga, mbalezi ndadyeramo ine. Mkazi akamakwera, mwamuna weniweni amagwira makwerero, sawagwedeza."

Eee! Msewu wonse unatekeseka. Amayi ogulitsa zipatso sabata yonseyo nyimbo inali Wamzere, Wamzere. Koma pa benchi panali zina. Adiraiva a takisi, amene sachoka pamenepo ngakhale mutu wawo ndi dazi lokhalokha, anangoti, "Aaa, zakamera izo. Akangozimitsa, mwanayo amuponyera wantchito."

Lumo maso anali pa TV. Mashini anali kulira m'manja mwake koma sanali kumeta.

Tsono mumve. Alamu athu, akazi a Lumo, anayamba sukulu ya zamagetsi asanakhale ndi pakati, ndipo mutu wawo umagwira mawaya ngati mmene wanga umagwirira mikangano. Mwana atabadwa anasiya. Aphunzitsi awo anatumiza uthenga woti malo awo alipobe, koma akapanda kubwerera teremu imeneyo awapereka kwa wina. Womusiyira mwana panalibe. Nkhaniyo kunyumba inali itafa kale, ovolosi ya alamu itapindidwa pansi pa sutikesi.

Lolemba m'mawa ndikuyala machaja anga, ndinangoona munthu akubwera atawerama ngati wasenza thumba la simenti. Lumo! Kumsana kuli Kabatani, kamwana kake kakakazi, mwendo umodzi uli m'nsalu, wina ukulendewera, mutu wapendekeka.

"Aise, waba mwana wa ndani?" ndinakuwa.

"Mayi ake apita kusukulu," anatero, thukuta lili kamukamu. "Tandigwirira kumbuyoku, akutsetsereka."

Amayi azipatso anasiya malalanje awo n'kuthamanga. "A Lumo, mwana si katundu! Weramani bwino. Nsalu idutse kukhwapa. Mangani apa, kokani!" Anamumasula, kumumanganso, kwinaku akuseka mpaka misozi. Iye anangoti phee, kumvera ngati mwana wa sukulu.

Kuyambira tsiku limenelo shopu inasintha. M'kabati ya mathaulo munalowa matewera ndi botolo la mkaka. Kabatani ankavala kachipewa, pamwamba n'kumufunda kathaulo kuti tsitsi la anthu lisamugwere. Mashini akayamba kulira, iye tulo. Akadzuka, mpando wachiwiri unkasanduka posinthira thewera, kasitomala n'kudikira mutu uli theka.

Amuna ena sizinawakomere. Anyamata omwe aja ankafuna kamzere ka Wamzere, omwe ankaimba nyimbo zake mpaka mawu kusasa, anayamba kulambalala. Wina anadutsa pakhomo n'kukuwa, "Mayi Lumo, mwayamwitsa kale?"

Ameneyo ndinamuthamangitsa mpaka pa siteji. Ndinamuuza kuti, "Iwe, tsitsi la Wamzere ukulifuna, nsapato zake ukuzifuna, koma nsalu yake yokha ndiye yakuwawa? Bwera udzanenenso ndili pano!" Analowa m'basi yoti sikupita n'kwawo komwe.

Benchi linayamba kuoneka matabwa. Masiku ena Lumo ankangokhala, kugwedeza mwana, kuyang'ana msewu. Kenaka Wamzere anatulutsa nyimbo ina, n'kuyamba kuoneka pa TV akutsatsa zakumwa, nsalu ija osaionanso.

"Waona?" anatero adiraiva. "Mnzako uja anamasula kalekale. Iwe ukudikira chiyani?"

"Zake sindikuzidziwa, achimwene," anayankha Lumo. "Mwina wake wakula. Wangayu akadali pano, ndipo mayi ake mayeso sanalembe."

Mayesowo ndiwo anali nkhani. Anali a manja, tsiku lonse, Loweruka: munthu amapatsidwa bolodi, mawaya ndi zida, alumikize yekha aphunzitsi akuyang'ana. Ukatuluka pageti usanamalize, basi walephera, udikire chaka chamawa, ngati malo angapezekenso.

Loweruka lomwelo ndi limene Lumo anapeza mwayi umene anali atausowa miyezi yonseyi. Mkwati wina, wa ukwati wa masana, anabwera m'mamawa ndi anyamata ake onse operekeza, aliyense akufuna kamzere. Anabwera ndi amalume ake, bambo a jekete lonyezimira, oyenda akuyang'ana wotchi.

Koma Kabatani tsiku limenelo mano anali akumera. Analira, abale! Mashini amene ankamugoneka aja, ulendo uno anangomuwonjezera moto. Botolo analikana, kachipewa anakataya pansi. Lumo anali atameta mbali imodzi ya mutu wa mkwati, akuvina pang'onopang'ono kuti mwana atonthole, mashini n'kumaphonya.

Amalume anaimirira. "Bambo wometa, ife sitinabwere ku sikelo ya ana. Mayi wa mwanayu ali kuti?"

"Ali pa mayeso, bambo."

"Mayeso? Mwana akulira chonchi, mayi ali pa mayeso? Muimbireni foni abwere adzatenge mwana wake. Apo ayi, tonse tikupita kwina."

Ine magazi anali atafika kale kumutu. Ndinalowa, chaja chili m'manja.

"Bambo, jekete lanulo ndi labwino, koma mawu anuwo ayi! Mwana wake? Uyu wamuberekayu ndi mlendo? Inuyo simunalirepo muli khanda? Kapena munabadwa mutavala kale jeketelo?"

"Aise, khala chete," anatero Lumo.

Anatulutsa foni m'thumba. Ndinaona chala chake chikuyendayenda pagalasi la foniyo, mwana akukuwa m'khutu mwake, anyamata onse aja akumuyang'ana. Sukuluyo si kutali. Alamu akanangomva kulirako, akanataya mawaya n'kuthamanga, ndimawadziwa.

Kenaka anandipatsa foniyo.

"Ika m'thumba mwako," anatero. "Ngakhale ndikupemphe, usandipatse."

Abale inu! Ndinailowetsa m'thumba la mkati n'kutseka zipi. Akanabwera apolisi sakanaitenga.

Lumo anatembenukira kwa amalume aja, mwaulemu wake womwe uja. "Pepani bambo. Amene akufuna kupita apite, sindikwiya. Koma mayi ake sabwera."

"Tiyeni!" anatero amalume. Anyamata awiri anaimirira n'kuwatsatira. Koma mkwati anadziyang'ana pagalasi, mbali imodzi yosalala, inayo tchire.

"Amalume, ine ndipita kuti ndi mutu uwu? Mukufuna mkwatibwi athawe?"

Wina pa benchi anaphulika kuseka. Ndiye mnyamata wamtali, woperekeza wamkulu, anavula jekete lake n'kulipachika pamsomali. "Achimwene, tamasulani mwanayo ndimunyamule. Kwathu ndine woyamba kubadwa, onse aja ndinalera ndine."

Anamunyamula paphewa, kumuyendetsa uku ndi uku. Kabatani anapuma pang'ono, kumuyang'ana, n'kuyambiranso. Anamulandira wina. Kenaka wina. Ndikukuuzani, shopu yonse inasanduka bwalo: wometedwa ali pampando, odikira akupatsirana mwana, wina akuliza makiyi, wina akuimba nyimbo ya Wamzere ndi mawu ngati chitseko chadzimbiri. Adiraiva, omwe aja a zakamera, ndinawapeza akupinda nkhope ngati nyani kuti mwana aseke. Nditawayang'ana anati, "Ukuona chiyani? Ndikungofuna phokoso lithe."

Msana utapepuka, dzanja la Lumo linabwerera. Kamzere ka mkwati kanatuluka kakuthwa ngati kojambula ndi rula.

Pamenepo foni inalira m'thumba mwanga. Kuyang'ana: alamu. Inali nthawi yopuma ku mayeso kuja. Lumo anandiyang'ana, ine ndinamuyang'ana, Kabatani ali pakati kukuwa ngati sayirini.

Ndinathamanga. Ndinadumpha tebulo langa, machaja kumwazika, kudutsa amayi azipatso, kukhota pakona, mpaka kukaima pafupi ndi owotcherera zitsulo pamene phokoso lake limameza chilichonse.

"Halo, alamu!"

"Alamu? Foni ya bambo ake ikutani kwa inu? Mwana ali bwanji?"

"Ali bwinobwino! Bambo ake manja ali m'mutu mwa mkwati."

"Nanga mukupumiranji chonchi?"

"Masewera olimbitsa thupi, alamu."

"Akulira eti?"

Ine bodza lalitali silindikhala. "Akulira, mano aja. Koma ali m'manja mwa amuna asanu ndi mmodzi, wina dazi. Inu bolodi yanu ili pati?"

"Yatsala theka."

"Ndiye mukutaya nthawi ndi ine chifukwa chiyani? Bwererani! Mukatuluka pagetipo mundipeza ine nditaima pomwepo, ndipo mundidziwa!"

Anaseka. "Muwauze aviike kansalu koyera m'madzi ozizira, amupatse azitafuna." Foni n'kudula.

Kansaluko kanagwira ntchito. Pofika nthawi yoti operekeza azinyamuka, Kabatani anali atagona pachifuwa cha wamtali uja, dovu litanyowetsa shati ya ukwati. Anyamata awiri amene anatuluka aja anabwerera mwakachetechete, ati kwina kuja mzere wake ngwokhota ngati njoka yopondedwa. Lumo anawameta osanena kanthu. Ine ndiye ndinanena, zambiri ndithu. Amalume anakhala m'galimoto, galasi lotseka, mpaka onse anatha.

Dzuwa litapendeka, Lumo anali atabwezera mwana kumsana, akusesa tsitsi, koma maso ali kumsewu. Tsache linkangodutsa malo amodzimodzi. Basi iliyonse ikaima, khosi lake linkatalika.

Ndine ndinayamba kuwaona. Ovolosi yabuluu, chikwama cha zida chikumenya m'chiuno, akuthamanga pakati pa msewu osasamala za njinga.

"Akubwera! Lumo, akubwera!"

Alamu anafika pakhomo, mpweya utawathera, n'kugwira chitseko.

"Yayaka!" anakuwa. "Bambo ake, yayaka! Aphunzitsi atangokanikiza switchi, mababu onse ngwee! Ena awiri yawo inaphulika. Ati Lolemba ndikayambe kuphunzira ntchito ku kampani ya mawaya!"

Amayi azipatso anayamba kululuta. Adiraiva anathamangira ku takisi yawo kukaliza hutala. Ine ndinakwera pa benchi, ndipo zimene ndinakuwa sindikuzikumbukira, koma mawu anandithera mpaka Lachiwiri.

Lumo yekha anangoima ndi tsache lake, kumwetulira ngati wapusa, maso atafiira. Alamu anapita kumbuyo kwake, kusuzumira m'nsalu, kupsompsona kamutu ka Kabatani.

"Bweretsani ndimulandire, mwatopa," anatero.

"Musiye, wangogona kumene," anayankha Lumo. "Iwe khala pampandopo, uvule nsapato. Ndiye Lolemba umayamba nthawi yanji? Ndidziwiretu pomudzutsa."