Amayi a Mipando

Pa yunivesite onse ankawatchula kuti Amayi a Mipando. Ntchito yawo inali yolangiza ophunzira ochokera kumayiko ena akapanikizika maganizo, koma a maofesi oyandikana nawo ankangomva kukwekwesa tsiku lonse. Kumaphunziro a zikhalidwe anawauza kuti mitundu ina sikonda kuyang'anana m'maso, ina sifuna tebulo pakati. Ndiye mayiwa, pokhala munthu wosachita zinthu mwatheka, ankasuntha mipando malinga ndi dziko la wobwerayo.

Amene anawaimitsa mutu anali mnyamata wina wamtali, wochokera kutali kwambiri. Aphunzitsi ake ndiwo anamutumiza, chifukwa anali atasiya kulowa m'kalasi ndipo katundu anali atalongedza kale kuti azibwerera kwawo. Amayi anamukhazika moyang'anana nawo, iye anati zonse zili bwino. Anamukhazika cham'mbali, zili bwino. Anamulozetsa kuzenera, zili bwinobe, zikomo. Mtima unkawapweteka, poti mwana wa eniyo ankaonda iwo akuona.

Tsiku lina mpando wawo, utatopa ndi maulendo, unaguluka mwendo, Amayi pansi khu! Mnyamatayo anawadzutsa, kenaka anagwada n'kutenga kampeni kodulira mapepala kuti amangire sikuluwu ya mwendowo. Maso ali pa mwendo wa mpando, pakamwa panatseguka. Anati bambo ake anali kalipentala, ndipo kwawo mwamuna sanena zakukhosi manja ali chabe. Bambowo anamwalira iye ali kusukulu kuno, maliro anangoonera pafoni. Amayi anangomugwirizira mpandowo chiuno chikuwawa.

Kuyambira pamenepo m'chikwama mwawo simunkasowa sikuludalaiva. Mnyamatayo asanafike ankatseka chitseko n'kumasula mwendo umodzi wa mpando, akalowa n'kumudandaulira kuti mipando ya masiku ano ndi yachabechabe. Iye ankamanga uku akulankhula, ndipo m'kalasi anayambiranso kulowa.

Sabata ina atamaliza kumanga anapukuta manja, nanena akuyang'ana pansi:

"Amayi, sikuluwu simasuka yokha n'kukagona m'kapu yanu ya tiyi."

Amayi anagwidwa ndi manyazi, nayamba kufunafuna bodza loti liwapulumutse.

"Musavutike," anatero mnyamatayo. "Koma sabata yamawa mudzamasule tebulo. Nkhani ya mayi anga ndi yaitali."