Tsiku Limene Ndinathetha Samu ya Zuze

Amene tinaphunzira nawo amanena kuti Zuze anasiya sukulu chifukwa cha ulesi. Akulakwitsa, ndipo ndiyenera kuwongola nkhaniyi. Ndaikumbukira dzulo kwathu ku Nkolokosa, mdzukulu wanga atandibweretsera samu iyi: 2x + 3y = 6, yoti apeze pamene mzere wake ukudutsa mzere wogona wa x ndi woimirira wa y.

Samu yomweyo tinapatsidwa tili Fomu 2 ku Limbe. Njira yake ndi yapafupi: ukaika ziro m'malo mwa y, x ndi 3, ukaika ziro m'malo mwa x, y ndi 2. M'kalasimo munkanunkha choko ndi thukuta. Tinkasinthana makope n'kuchongerana, ndipo wolakwa ankamenyedwa pazala ndi rula yaikulu ya pabolodi.

Kope la Zuze linagwera ine. Manambala onse awiri anawapeza, koma anawasinthanitsa.

"Ingochonga iwe," anandinong'oneza. "Aphunzitsi saona."

Ine ndinathetha, n'kukweza dzanja kuwauza aphunzitsi kuti Zuze walakwa. Ndinkaganiza kuti poti manambala anawapeza, aphunzitsi angomuwongolera, ine n'kundiyamikira.

"Zuze, bwera nazo kuno zalazo," anatero aphunzitsi.

Rula inatsika kasanu. Kachitatu tonse tinamva kuti thyo! Kunali kutatsala masabata awiri kuti tilembe mayeso a JC. Zuze sankathanso kugwira cholembera, ndipo sanabwererenso kusukulu.

Yankho lake linali lolakwikadi, sindikana. Koma mtengo wa kulondola kwangako unali uwu: chala chimodzi cha Zuze, mayeso ake, ndi mnzanga amene ankandigawira chinangwa chake.